NYIMBO YA M'KHUTU NDI NYIMBO YA PAKHOMO

Abale athu a m'midzi, mwezi uno tifuna kunena za kanthu kakang'ono kamene kalowa m'nyumba zathu kosapempha odi, ndipo tsopano kakhala pa mpando wa mwini nyumba. Kanthuko ndi waya wa mphanda, wokhala ndi timitu tiwiri tonga nyemba, timene anyamata ndi atsikana alowetsa m'makutu pofuna kumva nyimbo za m'foni. Eni ache atitcha mahedifoni, ena ati mahediseti, ndipo ena a masiku ano alibe ndi waya womwe. Tidzayerekeza kanthu aka ndi chimkuzamau, ndicho sipika ya wailesi kapena ya gumbagumba, imene iponya mau m'nyumba monse kuti ali yense amve. Ndipo tinene poyera pa chiyambi pomwe, kuti wina asatiyese a mitima iwiri: ife taima ku mbali ya chimkuzamau. Tinena kuti nyimbo ya pakhomo iyenera kumveka kwa a pakhomo onse, ndi kuti banja limene munthu ali yense ali ndi nyimbo yache yache m'khutu lili kupasuka pang'ono pang'ono, lingakhale denga lache silidontha.

Koma mfumu yanzeru siweruza mlandu isanamve mbali zonse ziwiri. Chifukwa chache tiyambe taika pabwalo zimene anena okonda mahedifoni, pakuti si zonse zili zabodza. Ati mau a m'mahedifoni amveka bwino koposa. Nzoona kuti ukagula mahedifoni ndi kasipika pa mtengo umodzi, mahedifoniwo adzakumvetsa tinthu tambiri ta m'nyimbo, ngakhale kupuma kwa woimba ndi kukhudza kwa chala pa waya wa gitala, popeza mau ache ayenda ulendo waufupi, osasokonezeka ndi makoma kapena ndi mvula yogunda pa malata. Atinso mahedifoni sadya moto wambiri. Ichinso nchoona, pakuti kugwedeza mpweya wa m'kabowo ka khutu ndi ntchito yaing'ono poyerekeza ndi kugwedeza mpweya wa nyumba yonse. Ndipo munthu amene alipira ndalama kuti atchajitse foni pa sola ya mnzache adziwa mtengo wa moto. Chachitatu, ati mafoni ambiri sagwira wailesi popanda mahedifoni, chifukwa waya wao ndiwo ukoka mau a mumlengalenga. Chachinai, ati womvera m'khutu savuta munthu. Zitatu zoyambazo tizivomera; koma chachinai tichikana, ndipo pa icho pagona mlandu wonse.

Tiyambe taona kumene zinthu ziwirizi zinachokera. M'chaka cha 1877 Thomas Edison wa ku America anapanga makina oyamba osunga mau ndi kuwabweza. Makinawo anali a mau ofooka, kotero kuti mu 1889, mu mzinda wa San Francisco, anthu ofuna kumva nyimbo anali kuponya ndalama m'bokosi naika timipaipi m'makutu. M'chaka cha 1910, chaka chomwecho chimene ansembe a White Fathers anakhazikitsa mishoni kuno ku Bembeke, munthu wina dzina lache Nathaniel Baldwin, wa ku Utah, anapanga mahedifoni m'nyumba mwache, ndipo amene anawagula anali asilikali a pamadzi a dziko la America, kuti anyamata ao olandira mauthenga azimva bwino pakati pa phokoso. Onani tsono kuti mahedifoni anabadwa ngati chipangizo cha ntchito, monga khasu ndi nkhwangwa. Ndipo palibe munthu abwera ndi khasu pa mphasa yodyera. Pofika mu 1925, Chester Rice ndi Edward Kellogg anaonetsa sipika ya maginito ndi pepala longa chipewa, imene mtundu wache uli m'wailesi zathu kufikira lero. Pamenepo mabanja a ku Ulaya ndi ku America, amene kale anali kulandizana mahedifoni a wailesi mmodzi mmodzi, anawaika pambali, nakhala pamodzi kuzungulira sipika.

Kwathu kuno wailesi inafika kwa anthu wamba ili kale ndi chimkuzamau chache. Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, anagwirizana ndi kampani ya Ever Ready kuti ipange wailesi yotsika mtengo, ya mapaundi 5, imene inatuluka mu 1949, ndipo anaitcha Saucepan Special chifukwa thupi lache linali ngati sefuliya yophikira. Nyumba ya mphepo ya ku Lusaka inali kuulutsa mau m'zinenero za anthu akuda, ndi Chinyanja chomwe, kufikira ku Nyasaland kuno. Ndipo mau a Alick Nkhata anadziwika m'midzi imene iye sanapondemo. Wailesi imodzi inali ya mudzi wonse. Mu 1964 inayamba MBC, ndipo pambuyo pache zinafala wailesi za Nzeru zopangidwa ku Blantyre. Akulu a pano akumbukira mmene anthu anali kusonkhana pakhonde kudzaseka sewero la Kapalepale, ndi mmene anali kukhalira chete pa nthawi ya mauthenga achisoni. Pakuti dzina la wakufa likamveka, panali wina pomwepo wolidziwa, ndipo uthenga unali kufika kwa eni maliro usiku womwewo. Wailesiyo inali ngati mlendo wodziwa kucheza, amene mwini nyumba aitanira anansi ache kuti adzamuone.

Chinthu chinatembenuka mu 1979, pamene kampani ya Sony ya ku Japan inatulutsa Walkman, kabokosi ka kaseti koyenda nako m'thumba. Pali kanthu ka m'mbiri yache kamene tifuna kuti mukasunge. Walkman yoyambayo inali ndi mabowo awiri a mahedifoni, kuti anthu awiri amvere pamodzi, ndiponso kabatani kochepetsa nyimbo kuti awiriwo alankhulane. Pakuti mkulu wa kampaniyo, Akio Morita, anaopa kuti kumvera wekha pakati pa anzako kudzaoneka chipongwe. Koma ogula sanasamale bowo lachiwirilo, ndipo m'kupita kwa nthawi analichotsa. Ngati wogulitsa mwini wache anachita manyazi ndi malonda ache, nanga ife ogula manyazi athu apita kuti?

Mlandu woyamba umene tiimba mahedifoni ndi uwu: aphwanya chikhalidwe cha nyimbo. Pakati pathu nyimbo ili ndi mbali ziwiri, wotsogola ndi ovomera. Amai a pamtondo, wina ayamba, anzache alandira. M'chimtali ndi momwemo, m'ngoma ya Angoni a kwa Kamenyagwaza ndi momwemo, pa maliro ndi momwemo, ndipo m'tchalitchi wotsogolera salimo ayembekeza kuti mpingo uyankhe. Nyimbo yopanda ovomera ili ngati moni wosayankhidwa. Tsono wailesi ikalira pakhomo, ingakhale oimba ali kutali, ovomera apezeka pomwepo: gogo aomba m'manja, amai ang'ung'udza ali kuvundula nsima, kamwana kophunzira kuyenda kagwedeza m'chuuno, abambo ati nyimbo iyi inamveka chaka cha njala, ndipo nkhani iyamba. Koma nyimbo ya m'hedifoni ilowa mwa munthu mmodzi nifera momwemo. Akayesa kuvomera, mau ache atuluka okhota, popeza sadzimva yekha. Ndipo a pafupi aona munthu wogwedeza mutu pa chinthu chimene iwo sachimva. Makolo athu anali ndi mwambo wa chidyerano, kuti mbale za mabanja angapo zikumane pa bwalo limodzi. Ndipo munthu wodya yekha m'chipinda atatseka chitseko anali kumutcha waumbombo. Kodi umbombo uli pa nsima pokha?

Mlandu wachiwiri: mahedifoni adula njira imene nzeru iyendamo pakati pa akulu ndi ana. Dzifunseni, abale, nyimbo zonse muzidziwazo anakuphunzitsani ndani? Palibe amene anakukhazikani pansi ndi choko. Munazitola mumpweya, muli kumbuyo kwa amai anu, muli kuseri kwa akulu anu. Khutu la mwana ndi nkhokwe yosatseka, ndipo chimene chimveka pakhomo ndicho chilowamo. Ife a ntchito yophunzitsa tiona kuti mwana wochokera pa khomo lomveka nyimbo ndi nkhani afulumira kugwira mau atsopano, ndi kuwasunga, ndi kuwanena mosachita mantha. Koma lero mkulu ali ndi nyimbo mazana m'kakhadi ka m'foni, ndipo mng'ono wache wogona naye mphasa imodzi sadziwa ngakhale imodzi. Akulu naonso aluza. Atsutsa nyimbo za ana ao osazimva, nati zonse nzachabe. Pamene mwa izo zilimo zina zolangiza bwino, zonena za ulova, za umasiye ndi za kusowa kwa feteleza, zimene kholo likadazimva likadadziwa chimene chili kudya mtima wa mwana wache. Mwana adandaula m'nyimbo imene asankha. Ndipo mahedifoni abisa dandaulolo kwa munthu yekhayo amene akadathandiza.

Ndipo tisabise mau: m'timakhadi timeneti, timene adzazamo nyimbo pa misika ndi ndalama zochepa, mulowanso nyimbo zotukwana, zonyoza akazi, ndi zotamanda mowa ndi chamba. Chimkuzamau chili ndi mlonda wache wosalipidwa, ndiye manyazi. Palibe mnyamata wolongosoka angaike nyimbo yolaula pa sipika alongo ache ndi amai ache ali pomwepo. Adzaidumpha yekha, wopanda womuuza, ndipo pakutero aphunzira kusiyanitsa choyenera ndi chosayenera. Mahedifoni achotsa mlondayo. Mau amene mwana sangathe kuwanena pamaso pa agogo ache awamva makumi a nthawi pa tsiku, ali chikhalire pafupi ndi agogo omwewo. Sitinena kuti makolo asanduke apolisi ofufuza m'mafoni usiku. Njira imeneyo ibala mabodza. Tinena kuti chimene chimveka poyera chidziweruza chokha.

Mlandu wachitatu ukhudza kukoma kumene okonda mahedifoni adzitama nako. Mlengi anatipatsa makutu awiri, lina kuno lina uko, pa chifukwa. Mau ochokera ku dzanja lamanja afika msanga ku khutu lamanja, nafika ku lamanzere mochedwa pang'ono ndi mofooka pang'ono, popeza mutu uwatchinga. Ndipo pa kusiyana kwakung'onoko, kosakwana gawo limodzi la magawo 1,000 a sekondi, ubongo udziwa kumene kuli mwini mau. Masipika awiri akalira m'nyumba, khutu lili lonse limva onse awiri, limvanso mau obwerera ku makoma ndi ku denga. Kotero oimba akhala ngati aima patsogolo pathu, monga kwaya iima patsogolo pa mpingo. Koma m'mahedifoni khutu lamanja limva zache, lamanzere zache, ndipo oimba onse ndi ng'oma zao alowa pakati pa chigaza, kumene sanaimepo woimba chilengedwere dziko. Ndiponso mau akulu a ng'oma sitiwamva ndi khutu lokha. Tiwamva ndi chifuwa, ndi mimba, ndi mapazi. Amene anaima pafupi pamene Angoni aponda ngoma adziwa kuti ndi nthaka yomwe iimba. Inde, kasipika ka wailesi yaing'ono sikagwedeza chifuwa. Koma kasiya malo kuti manja ndi mapazi a omvera akwaniritse chosowacho. Mahedifoni akupatsa tinthu tonse ta m'nyimbo, koma akumana bwalo limene nyimboyo ikadavinidwapo.

Mlandu wachinai ndi wa thupi, ndipo pano tipempha kuti muwerenge mosafulumira. M'kati mwa khutu muli kachikopa konga ka ng'oma; kuseri kwache kuli timafupa titatu; ndipo kuseri kwa timafupato kuli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, kodzala ndi madzi. M'menemo muli tiubweya tating'ono ting'ono, pafupifupi 16,000 m'khutu limodzi, timene tisandutsa kugwedezeka kwa mau kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu likapitirira, tiubweyato titopa, kenaka tifa. Ndipo timene tafa sitimeranso. Tsitsi la kumutu ukameta limera, chikhadabo chikathyoka chiphuka, koma ubweya wa m'khutu ndi wa kamodzi. Kukula kwa mau akuyesa ndi muyeso wotchedwa desibelo. Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linena kuti munthu wamkulu akhoza kumva mau a madesibelo 80 kwa maola 40 pa mlungu osapweteka; koma akafika pa 90, nthawi yache ndi maola 4 okha, ndipo pa 100 ndi mphindi 20 pa mlungu wonse. Mafoni ambiri, ukakweza mau kufikira pa mapeto, afika pa 100 ndi kupitirira. Mu 2015 bungwe lomwelo linachenjeza kuti achinyamata 1.1 biliyoni pa dziko lapansi ali pa ngozi ya kuononga makutu ao chifukwa cha kamvedwe kotere, ndipo chaka ndi chaka, pa 3 March, likumbutsa maiko za kusamala makutu.

Wina adzati, kodi chimkuzamau sichiononga makutu? Chiononga ndithu, ukakhala pakamwa pache. Koma pali kusiyana kuwiri. Poyamba, mau a sipika afooka ukatalikira. Pabwalo, ukawirikiza mtunda, atsika ndi madesibelo 6, ndipo munthu akhoza kusuntha mpando. Mahedifoni alibe mtunda, akhala pa khomo penipeni pa khutu. Kachiwiri, sipika ikakwera mopitirira, apezeka wina m'nyumba wonena kuti tatsitsani. Mahedifoni alibe wowadzudzula. Ndipo mwini wache awakweza koposa pamene ali pa phokoso lina, ku chigayo kapena m'minibasi, kuti nyimbo ipose injini. Motero khutu lilandira mikwapulo iwiri pa nthawi imodzi. Chakudza sichiimba ng'oma. Kugontha kotere sikubwera ndi ululu kapena mafinya. Kuyamba ndi kulira kwa m'khutu ngati nyenje, kenaka munthu ayamba kufunsa kuti mwati chiani, ndipo pozindikira zaka zapita. Kutsika phiri kuchokera kuno, ku Mua, kuli sukulu ya ana osamva, ndipo aphunzitsi a kumeneko adziwa kukula kwa ntchito yotsegulira mwana wotere njira ya maphunziro. Anawo sanadzisankhire. Kodi nkoyenera kuti ife, amene tinalandira makutu amoyo, tiwaononge ndi ndalama zathu zomwe, m'dziko limene zipatala zoyeza makutu nzowerengeka, ndipo munthu wa kuno ayenera kukwera galimoto kunka ku Lilongwe kapena ku Blantyre kuti akazipeze?

Tsono tibwere ku mau aja akuti womvera m'khutu savuta munthu. Mlengi anaika zikope pa maso, koma pa makutu sanaikepo chitseko. Pakuti khutu ndi mlonda wa mudzi, logwira ntchito ngakhale mwini wache ali m'tulo. Ndi khutu timva odi wa mlendo, kulira kwa khanda, kubuula kwa wodwala, mfuu wa moto, belu la tchalitchi, ndi mbuzi zikalowa m'dimba la mbatatesi la mnansi. Munthu wotseka makutu wachoka pa mudzi, lingakhale thupi lache lili pakhonde. Amai aitana katatu, kachinai aponya chisononkho. Kodi amaiwo sanavutike? Mlendo aima pakhomo napereka moni kwa mtsikana amene sacheuka. Kodi mlendoyo sanavutike? Ndipo pa mseu waukulu wa M1, makamaka miyezi ya June ndi July pamene nkhungu ya kuno ku mapiri ibisa galimoto kufikira ili pafupi, woyenda pansi ndi wa kabaza adalira khutu koposa diso. Wotseka makutu pa mseu wotere aika mlandu wa moyo wache pa mutu wa dalaivala wosalakwa. Kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu. Ndipo chimene chitipanga awiri ndi kumvana.

Ophunzira ena adzatitsutsa nati, makolo athu naonso anali ndi nyimbo za munthu mmodzi. Adzatikumbutsa za kalimba wa wapaulendo, ndi za nkangala, uta wa bango umene unadza ndi Angoni, umene atsikana ndi amai anali kuimba pa okha, atauika pakamwa, kotero kuti mau ache enieni anali kumveka bwino kwa woimba yekha. Tivomera kuti mtima wa munthu ufuna nthawi yokhala wokha, ndipo Ambuye athu omwe anali kupatuka kunka ku phiri. Koma onani kusiyana kwache. Mtsikana wa nkangala anali kupanga nyimbo yache ndi dzanja lache ndi kamwa lache. Chisoni chache chinali kutuluka. Wa mahedifoni athira m'mutu mwache nyimbo za ena kuyambira m'mawa kufikira usiku, ndipo chisoni chache chitsekeredwa m'kati. Makutu a mtsikana uja anali otseguka, ndipo amai ache akaitana anali kuyankha. Ndiponso nkangala inali ya kanthawi, ntchito zitatha. Sinali kupita naye kumunda, ku chitsime, ku sukulu ndi pa mphasa yodyera.

Koma tsopano titembenukire kwa inu a zimkuzamau, pakuti mungayese kuti mwapambana mlandu. Iai, theka la mlanduwu ndi lanu. Chiyambire kufika kwa sola ndi mabatire akulu, nyumba zina zagula masabuufa oyenera bwalo la mpira, niziwaika m'kachipinda ka mphasa ziwiri. Pa malo a malonda wogulitsa ali yense apikisana ndi mnzache, kufikira nyimbo zisanu zisanganikira kukhala phokoso limodzi lopanda mwini. Ndipo ife Akristu tisaloze chala a ku mowa okha. Mapemphero ena a usiku amangirira zimkuzamau pa mtengo, nazilozetsa ku midzi kufikira tambala alira, osasamala wodwala, kapena khanda, kapena mwana wa Sitandade 8 amene mawa alemba mayeso. Mulungu sagontha. Pa phiri la Karimeli amene anafuula tsiku lonse si ndiwo anayankhidwa. Wokweza sipika mopitirira ndi wotseka makutu ndi mahedifoni ali pa ubale, pakuti onse awiri aiwala kuti pali anthu ena: uyu awathawa, uyo awapondereza. Ndipo kawiri kawiri mwana athawira ku mahedifoni chifukwa wailesi ya pakhomo ili m'manja mwa abambo okha, amene asankha okha, nakweza okha, osafunsa munthu. Muyeso wa chimkuzamau ndi mpanda wa nyumba yako. Nyimbo ikadumpha mpanda osaitanidwa yasanduka mbuzi yolowa m'munda wa eni.

Sitinena kuti mahedifoni atayidwe m'dzenje. Monga tanena, ndi chipangizo cha ntchito, ndipo pa ntchito yache ndi abwino. Wodwala wogona m'chipatala pakati pa odwala anzache, amene afuna kumva Misa pa Radio Maria usiku, achita bwino kumvera m'khutu. Wophunzira womvera phunziro pamene ena agona achita bwino. Woulutsa mau m'nyumba ya mphepo sangagwire ntchito popanda iwo. Mphunzitsi wa kwaya wofuna kutola bwino mau a tenala kapena a besi m'nyimbo yatsopano awagwiritse ntchito, kuti mawa akaphunzitse anzache. Pa zonsezi munthu avala mahedifoni chifukwa cha kuganizira ena, ndipo akatha awavula. Chimene titsutsa ndi kuwasandutsa chovala cha tsiku lonse, ndi kuwalowetsa pa malo amene banja liyenera kukhala limodzi.

Chifukwa chache tipereka malangizo awa, kuti mukakambirane m'mabanja ndi m'miphakati. Choyamba, pakhomo pakhale nthawi, makamaka madzulo ntchito zitatha, imene nyimbo imveka poyera. Amene alibe wailesi asadandaule, pakuti mafoni ambiri ali ndi posankha kuti mau atuluke pa sipika, ungakhale waya uli chilowere kukoka wailesi. Ndipo kafoni kakaikidwa m'mbale yopanda kanthu mau ache akula. Chachiwiri, kusankha nyimbo kukhale kolandizana: lero mwana, mawa amai, mkucha agogo. Inu makolo, pirirani kumva nyimbo ya mwana wanu kufikira ithe, ndipo mukatero mumfunse chimene aikondera. Inu ana, musaseke nyimbo za akale, pakuti zanuzo nazonso zidzakalamba. Chachitatu, mahedifoni avulidwe pa chakudya, pa pemphero, pamaso pa mlendo, polankhula ndi wamkulu, ndi pa mseu. Monga mwamuna avula chipewa polowa m'tchalitchi, wopanda womkakamiza. Chachinai, wovala mahedifoni asakweze mau kupitirira magawo 60 pa 100, apumitse makutu kawiri kawiri, ndipo adziyese motere: ngati munthu woima pa mtunda wa mkono umodzi ayenera kufuula kuti amveke, mau akwera mopitirira. Chachisanu, mwini sipika atuluke panja, aime pa mpanda wache, namve chimene anansi ache ali kumva. Ndipo usiku ukakula atsitse.

Malembo atiuza kuti pamene mfumu Saulo anavutika mumtima, Davide anamuimbira zeze m'nyumba mwache, ndipo mfumuyo inapeza bwino. Mankhwala aja anagwira ntchito chifukwa woimba ndi womvera anali pa malo amodzi, napuma mpweya umodzi. M'nyumba zathu muli a Saulo ambiri: nkhalamba zosungulumwa, amai otopa, anyamata osowa ntchito amene mitima yao yalema. Nyimbo zowatonthoza zilimo kale m'nyumbamo, zochuluka koposa zimene mfumu ili yonse ya kale inamvapo. Koma zatsekeredwa m'thumba la munthu mmodzi. Tsono tikupemphani, abale, musayembekeze lamulo la boma kapena chilengezo cha pa guwa. Madzulo ano, nsima itaphulidwa, wina pakhomo panu azule waya m'makutu, aike foni pakati pa mphasa, nafunse agogo nyimbo imene afuna kumva.